Mkombero umene ndinapalitsa

Pakati pa mlomo wanga wam'mwamba pali kachipsera kolimba ngati njere ya mapira. Ndevu zimakabisa. Anthu akafunsa ndimati ndinagwa panjinga. Limenelo ndi bodza. Ndinadzicheka ndekha, ndi nzeru zanga zomwe.

Pa fakitale imene ndinkagwirako ntchito ku Kafue tinali ndi bandi ya malipenga. Zoimbira zonse zinali za kampani, ndipo zinkasungidwa m'kachipinda kuseri kwa kantini. Koma panali mwambo umodzi umene palibe ankauphwanya. Mausipisi, kachitsulo kaja kamene umaika pamlomo n'kukalowetsa kukhosi kwa lipenga, inali ya mwini wake. Ukamaliza kuimba unkaizula, kuipukuta, n'kuiponya m'thumba la buluku. Lipenga unkatha kubwereka. Mausipisi ayi, pokhapokha ngati ndiwe munthu wobwereka mswachi.

Yanga anandisankhira abandimasita athu, mdala wa ku boyila, kung'anjo ya pafakitale, amene anaphunzira kuimba ali msilikali. Tsiku limene ndinalowa mu bandi anandiimika padzuwa, n'kundigwira chibwano ngati akugula mbuzi, akuyang'ana milomo ndi mano. Kenaka anayala mausipisi zisanu pakansalu, nandionetsa zinthu ziwiri. Choyamba ndi mkombero, pamene mlomo umakhala. Ukakhala waukulu mlomo umapeza malo onjenjemera, ukakhala waung'ono umaupanikiza. Chachiwiri ndi kapu, kadzenje ka m'kati. Kapu yakuya imatulutsa mawu onenepa, odzaza bwalo. Yosaya imatulutsa mawu oonda, akuthwa, koma imamuthandiza munthu kukwera m'mwamba.

Anandiimbitsa liwu limodzi lalitali pa iliyonse, iwo atatsinzina. Nditamaliza zonse zisanu anapukusa mutu, napisa dzanja m'thumba lawo, natulutsa yachisanu ndi chimodzi. Inali yolemera, ya mkombero waukulu ndi kapu yakuya, siliva wake atayamba kuzilala m'mbali.

"Milomo yako ni ya mvuu," anatero. "Osaipanikiza mu kakapu ka ana. Iwe ndiwe wa pakati na pansi. Kumwamba kuli eni ake."

Ndinaimba nayo zaka zambiri. Pamaliro a antchito anzathu, pampira, pa tsiku la antchito. Sindinali woimba patsogolo, koma ndikasiya kuimba bandi yonse inkamveka ngati nyumba yopanda chitseko.

Kenaka zinthu zinatembenuka. Malire a dziko anatseguka, katundu wakunja anadzaza msika, salaula, kaunjika wa zovala, inafika mpaka pakhomo la siteshoni. Kufakitale kwathu mashifiti anayamba kuchepa, kenaka makalata otichotsa ntchito anabwera. Malipenga anawatsekera limodzi ndi mipando ya mu kantini. Ndinatuluka pageti ndi kalata kuthumba limodzi, mausipisi kuthumba linalo.

Kunyumba ku Nangongwe ndinasanduka munthu woipa. Ndimapsa mtima msanga chibadwire, koma kale ukali wanga unkathera kuntchito. Tsopano unalibe kopita. Ndinkakalipira ana chifukwa choseka, ndinkakalipira nkhuku za aneba. Masana ndinkakhala pansi pa mtengo wa mango n'kumaliza mausipisi yokhayokha kuti mlomo usafe. Popanda lipenga imalira ngati bakha.

"Bakha wanu akamaliza, abwere adye nshima," mkazi wanga ankatero ali pakhomo. Tsiku lina ndinaponya mbale. Sindinyadira zimenezo.

Ndiye kunabwera mtsogoleri wa nyimbo wa mpingo wina wa achinyamata, wa aja opemphera mofuula m'makalasi a sukulu. Anali woimba kiyibodi, waulemu, wa tayi ngakhale kutenthe. Mpingo wawo unali utalandira lipenga lakale kuchokera kunja, koma panalibe wodziwa kuliliza, ndiye anabwera kudzandipempha ine. Ankakonzekera msonkhano wa masiku atatu pabwalo la mpira, ndipo woimba lipenga pamsonkhanowo ndiye akanayenda nawo m'matauni ena. Anandiuzanso, mosabisa, kuti ku Lusaka kuli mbale wina amene angabwere pa minibasi ngati ine ndalephera.

Ndinene zoona, sindinapiteko chifukwa cha Mulungu. Ndinkafuna kukhala ndi kopita m'mawa nditapolisha nsapato. Ndinkafuna kuti ana anga akafunsidwa zimene atate awo amachita, asayang'ane pansi.

Vuto linali nyimbo zawo. Zonse zinkakwera m'mwamba ngati akuthamangitsidwa. Ndinkafikako, koma sindinkakhalitsako. Pakatha mizere iwiri mlomo unkafooka.

"Ba ankolo, kwezani pang'ono," mtsogoleri uja ankatero. "Tifuna ija yolasa, monga pa kaseti."

Ndinapita kwa mdala. Ndinawapeza pakhonde akukonza mbaula za anthu, mano akutsogolo atatha, kuimba atasiya. Ndinawapempha andipatse mausipisi ya kapu yosaya. Anati zonse zija anagawa kale, ndipo ngakhale zikanakhalapo sakanandipatsa.

"Kiyibodi ili na kabatani kotsitsira nyimbo," anatero. "Muuze mnyamata atsitse. Chala chimodzi chabe."

"Ine nikapemphe mwana kuti anitsitsire nyimbo?"

"Kodi ni manyazi kuimba pamene Mulungu anakuika?"

Magazi anandikwera kumutu. Ndinawauza kuti n'chifukwa chake anakalambira ku boyila, chifukwa moyo wawo wonse anali wotsitsa. Ndinawauza kuti nthawi yasintha, manje munthu amadzikweza yekha. Iwo anatola nyundo yawo n'kupitiriza kukhoma mbaula.

Ife a ku fakitale tinali ndi matenda amodzi. Tinkakhulupirira kuti chitsulo chilichonse chingapalidwe mpaka chikwane. M'zaka zimene zipangizo zinkasowa, makina akaonongeka sitinkadikira za kunja, tinkasema zathu, ndipo zinkagwira. Tinkanyada nazo. Choncho nditachoka kwa mdala ndinalunjika ku garaja ina pafupi ndi njanji, kumene mnzanga wa ku wekishopu, wochotsedwa tsiku limodzi ndi ine, ankagwira maganyu pa makina akale opalira zitsulo.

Maganizo anga anali osavuta. Ukapala mkombero pamwamba, kapu imafupika, ndiye kuti yasaya. Ndipo popeza kapu imanka ichepa kumunsi, mkombero watsopano ukhala waung'ono. Zinthu ziwiri pa kupala kumodzi. Ndinadziona wanzeru kwambiri.

Mnzangayo anaiyeza, naitembenuza, naiyezanso.

"Mwana, iyi si kachitsulo ka pampu," anatero. "Iyi iyenda pakamwa."

"Nakufunsa maganizo? Pala."

"Nikapala sinibweza."

"Pala, iwe. Kapena manja anayamba kunjenjemera?"

Anaimanga pamakina. Ndinaimirira pomwepo ndikuona siliva akugwa ngati mamba a nsomba, ndipo pansi pake panatuluka mkuwa wachikasu, wowala. Anaukonza mkombero ndi sandipepa mpaka unkaterera pachala. Chala si mlomo, koma zimenezo sindinaziganize.

Tsiku loyamba kuiyesa pokonzekera msonkhano, mawu akumwamba anatuluka ngati mluzu. Atsikana a kwaya anatembenuka. Mtsogoleri anakweza manja. Mawu anga akale onenepa aja anali atapita, ndinkamveka ngati huta ya minibasi, koma ndinabwerera kunyumba chifuwa chili patsogolo. Ndinadutsa dala pafupi ndi kwa mdala.

Tsiku lachitatu m'kamwa munayamba kumveka ngati ndayamwa kiyi. Mlomo unkayabwa, kenaka panatuluka timatuza mozungulira, pomwe mkuwa unkakhudza khungu. M'mphepete mwa m'kati mwa mkombero munali mwakuthwa, ndipo popeza milomo yanga sinkakwanamo, ndinkakanikiza mwamphamvu kuti mpweya usathawe. Ndinkadzicheka pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku.

"Imwe, mulomo watupa," mkazi wanga anatero. "Pumulani ngakhale masiku awiri."

Ndinamuuza kuti asamale za mapoto. Ndinapaka mafuta n'kupita.

Msonkhano unayamba masana, dzuwa likuwamba, fumbi lili tolo. Anthu anadzaza bwalo mpaka kumagolo. Ana anga anali kutsogolo, atakhala pansi. Nyimbo yoyamba ndinaikoka ndi mano. Yachiwiri itafika pokwera, ndinakanikiza, ndipo ndinamva mlomo ukung'ambika ngati nsalu yakale. Liwu silinatuluke. Munatuluka mpweya wokha, ndipo zokuzira mawu zinaunyamula mpaka kumsewu. Ndinayesanso. Mpweya. Nditachotsa lipenga, kapu inali yofiira.

Chimene chimandipweteka mpaka lero si magazi. Kwaya inali itatopa nayo kukwera, ndipo pamene ine ndinazima mawu awo anayamba kugwedezeka. Ndinaona mtsogoleri uja akutambasula chala chimodzi, nadina kabatani kawiri. Nyimbo inatsika. Kwaya inatsika nayo osapunthwa, anthu anapitiriza kuvina, palibe anazindikira kanthu. Inatsikira pamene ine ndikanaimba tsiku lonse ndi mausipisi yanga yakale.

Nyimbo itatha anabwera ndi kansalu koyera.

"Ba ankolo, pukutani. Mwayesa." Analandira lipenga ndi manja awiri, nazula mausipisi, nandipatsa. Mawa lake mbale wa ku Lusaka anatsika minibasi ndi yakeyake m'thumba.

Ndinayamba ndapita ku garaja kukakalipa. Mnzanga anandisiya ndilankhule mpaka malovu anauma, kenaka anafunsa kuti, "Ndani anakamba kuti pala?" Tinatha chaka osapatsana moni.

Kwa mdala ndinapita patatha milungu iwiri, mlomo uli ndi nkhanambo. Ndinangoika mausipisi pa mbaula imene ankakonza. Anaitola, nayendetsa chala chachikulu pamkombero, pang'onopang'ono, kawiri.

"Iyi ananipatsa amene ananiphunzitsa," anatero. "Ine ninaisunga mpaka mano anatha."

Ndinkafuna andikalipire kuti nane ndikalipe. Sanatero. Ndiye m'malo mopepesa ndinayamba kutukwana amene anatseka fakitale, kuti ndiwo anatisandutsa opemphapempha.

"Aja anatseka geti," mdala anatero. "Mkombero sanaugwire."

Anandibwezera m'manja, natola nyundo.

Mlomo unapola, koma unapola molimba. Pakati penipeni, pamene payenera kunjenjemera, sipanjenjemera. Zaka zingapo pambuyo pake ndinayesa mausipisi ya kapu yakuya ya munthu wina, nditaitsuka ndi madzi otentha. Mawu a pakati anabwera, koma ndi kampweya kotayika pambali, ngati tayala lobooka. Palibe bandi ingafune zimenezo.

Ndinkadziuza kuti ndidzapita kukapepesa ndikadzapeza ina yofanana ndi ija, kuti ndisapite chimanjamanja. Ndinafunafuna m'milu ya katundu wakunja ku Lusaka, osaipeza. Tsiku lina ndinadutsa pakhomo pawo ndipo ndinapeza anthu ena akuyanika zovala. Anati mdala ana ake anamutenga, anapita kumudzi. Sindinafunse kuti mudzi uti. Ndinawakalipira kuti chingwe chawo chatchinga njira.