Chidulo cha bambo

Ndikukumbukira chaka chimene ndinali mu Sitandade 4 kwathu ku Domasi, amayi atatupa miyendo ndi mimba moti chitenje chinkakana kukumana. Ukawadina ndi chala pamsongolo, pankatsala kadzenje. Bambo anawakweza panjinga kupita kuchipatala cha mishoni, ine ndikukankha pazitunda.

Adokotala anati mtima wafooka, n'chifukwa chake madzi akudikha m'thupi. Mapiritsi oyamba anaphwetsadi mimba, koma anawasiya amayi ali lefuu, minofu ikukokana. Ndiye anawasinthira ena. "Awa amachititsa impso kutaya madzi ndi mchere mumkodzo," anatero adokotalawo, "koma amasunga mchere wina wotchedwa potaziyamu, umene mtima umaudalira pogunda. Oyamba aja ankautaya. Chinanso, mchere m'ndiwo ayi."

Miyendo inaphwa, koma kudya kunavuta. Amayi ankangonyema kawiri n'kusamba m'manja. "Ine si mbuzi yoti ndizidya udzu," ankatero, uku akuwonda tikuwona.

Bambo, munthu amene sankadziwa ngakhale pokhala mthiko, mtima unawawawa. Anatola makoko a nthochi ndi zitsononkho, n'kuziwotcha. Phulusalo analiika m'chitini chobowola pansi, n'kuthiramo madzi kuti chidulo chidonthe. "Aletsa mchere wa kugolosale," anandinong'oneza. "Uwu ndi wathu wa makolo." Thelere la tsiku limenelo amayi analimaliza mpaka kunyambita zala. Iii, chimwemwe chake bambo! Kuyambira pamenepo chidulo chinkalowa m'ndiwo zilizonse.

Pasanapite nthawi, amayi anagwa ali pamtondo. Miyendo inali zii, mtima ukugunda modumphadumpha. Mantha amene ndinali nawo pokankha njinga ulendo umenewo sindidzawaiwala.

Adokotala atafunsa zimene amayi ankadya, bambo anafotokoza monyadira. Adokotala anagwira pakamwa. "Bambo, phulusa limenelo ladzaza potaziyamu yemwe mapiritsi akusunga kale. Akachuluka m'magazi, mtima umaima."

Bambo anavula chipewa n'kukhala pansi pasimenti. Aka kanali koyamba kuwaona akulira. Amayi, ali gone pabedi, anatambasula dzanja n'kuwagwira phewa. "Basi, bambo a Esinati, mwana akukuonani. Komatu thelere lija linali lokoma."

Amayi atatuluka, bambo anataya chitini chija, mchere wa m'nyumba n'kupatsa aneba. Tonse tinayamba kudya ndiwo zosathira kanthu, kungofinyiramo ndimu. Bambo ndiwo ankayamba kusunsa, n'kufuula kuti, "Koma ndiwo izi, ayi ndithu!" Amayi ankaseka bodzalo, n'kumadya. Anakhala ndi moyo mpaka kunyamula mwana wanga woyamba.

Lero ndikumvetsa kuti chikondi chokha sichidziwa mankhwala, chimayenera kufunsa. Ndikumvetsanso kuti bambo ankaukonda mchere kuposa tonsefe, koma amayi ali moyo sanaulawenso.