Malita Asanu ndi Nkhaka Imodzi

Kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ankayendetsa basi ya sukulu, ndipo sanagundepo ngakhale nkhuku. Ana ankawatchula kuti Amalume a Basi, makolo ankangoti adalaivala. Anali munthu wathupi, mimba yawo inkakhudza chiwongolero akamakhota, ndipo ankadziseka okha: “Ili ndi tayala langa la sipeya, musalidelere.”

Nthabwalazo zinatha tsiku limene sukulu inatumiza madalaivala onse kukapimidwa. Namwino anawakulunga lamba pamkono, anapopa, anayang'ana, n'kupopanso kachiwiri.

“Bambo, magazi anu akuthamanga kwambiri. Mapiritsi awa muzimwa m'mawa uliwonse, ndipo muchepetseko thupi.”

Anatuluka m'chipindamo akukumbukira matenda a bambo awo. Bambo awo anagwa pampando ali ndi zaka makumi asanu ndi ziwiri, pakamwa patapotoka, ndipo anakhala chigonere zaka zinayi akuchita kuwatembenuza ngati thumba. Iwo n'kuti atangokwanitsa makumi asanu ndi chimodzi.

Nzeru inachokera kwa mlamu wawo, mkazi wa mng'ono wawo, wogulitsa zodzoladzola amene sankasowa mankhwala a vuto lililonse.

“Alamu, njala ndi bodza la m'mimba,” anatero mlamuyo. “Ikakulumani, ithireni madzi. Madzi amasungunula mafuta, onse n'kutuluka ndi mkodzo. Mchere siyani, zokazinga siyani.”

Mawa lake adalaivala anagula chigubu cha malita asanu n'kuchiika pambali pa mpando wawo. M'mawa ankamwa tiyi wopanda shuga, masana nkhaka imodzi, madzulo kabichi wowiritsa wopanda mchere. Chigubucho chinkatha dzuwa lisanapendeke, n'kukachidzazanso pampopi wa kugalaja. Sabata itatha, lamba wa thalauza anafuna bowo latsopano, ndipo analiboola okha ndi msomali akuimba mluzu.

Akazi awo sanaimbe nawo.

“Bambo a ana, kodi mukufuna kuchepa kapena kutha? Onani mmene maso alowera.”

“Mukufuna ndigone ngati bambo anga, muzindisambitsa?”

“Ndikufuna mudye dzira limodzi lokha.”

Dziralo linazizira pambale.

Sabata yachitatu mutu unayamba kuwawa, wosamva mapiritsi. Minofu ya m'miyendo inkakokana, ankazizidwa dzuwa likuswa mtengo, ndipo tsiku lina anapitirira siteji imene anaimapo kwa zaka zambiri. Mumtima anati basi, matenda a bambo aja afika pakhomo. Anayamba kumadziyang'ana pagalasi la basi kuti aone ngati pakamwa payamba kupotoka. Chifukwa cha mantha anasiya nkhaka ija, madzi n'kuonjezera. Sanauze munthu, poopa kuti awalanda makiyi.

Lachinayi masana ankabweza ana kwawo. M'basimo munali ana makumi atatu ndi mphunzitsi wamkazi amene ankawaperekeza. Pamtsetse wotsikira kumaloboti, msewu unayamba kuoneka ngati uwiri. Phokoso la ana linamveka kutali, ngati ali pansi pa madzi. Anafuna kuponda mabuleki, mwendo n'kukokana kuti gwa, osatheka kupinda. Kutsogolo magalimoto anali ataima, ndipo mayi wina ankaoloka akukankha ngolo ya mwana.

“Adalaivala!” anakuwa mphunzitsi uja.

Anakhotetsera basi kumbali, matayala anagunda mwala wa m'mphepete mwa msewu, zikwama zinagwa, ana analira. Ndi manja onse awiri anakoka handibuleki. Basi inaima mphuno itatsala pang'ono kukhudza mtengo wa magetsi. Anatsegula chitseko, anasanza madzi okhaokha, kenako mdima.

Anatsitsimuka kuchipatala, diripi ili pamkono, akazi awo atakhala pambali maso atatupa. Choyamba anagwira pakamwa pawo.

“Ana aja?”

“Onse ali bwino. Mmodzi yekha wachekeka mlomo.”

Dokotala atabwera anawafunsa zimene ankadya ndi kumwa, ndipo atamva anagwira m'chiuno.

“Si sitiroko, bambo. Mchere wa m'magazi mwanu unatsika kwambiri. Simunkadya, mapiritsi aja amakodzetsa, ndiye inu n'kumathiranso madzi ochuluka chonchi. Madzi ndi abwino, koma mumwe mukamva ludzu. Thupi muchepetsa, koma pang'onopang'ono, mukudya katatu patsiku. Mukanachedwa tsiku limodzi kapena awiri, sindikudziwa.”

Mawu omalizawo anawakhala pamtima kuposa ena onse.

Sukulu inawaimitsa kuyendetsa kwa miyezi iwiri, n'kuwapatsa ntchito yotsuka mabasi kugalaja. Mlamu uja anabwera kudzawaona atanyamula malalanje, ndipo anakhala ola lathunthu osatchula za madzi. Kunyumba akazi awo ankawagawira chakudya pambale yaing'ono, n'kukhala moyang'anizana nawo mpaka atamaliza. Madzulo ankayenda limodzi kuzungulira bwalo la mpira. Thupi linatsika, koma mozengereza, moti nthawi zina ankakwiya nalo.

Atabwerera pachiwongolero, anapeza kuti makolo awiri anachotsa ana awo m'basi yawo. Sanawaimbe mlandu. Mpaka lero, asanatsegule chitseko kuti ana akwere, amayamba aponda mabuleki kasanu basi ili chiimire, akumvetsera mwendo wawo.