Injini ya Bambo mu Mgolo wa Madzi

Fungo la petulo wosakanikirana ndi madzi limandibwezera ku Chitawira, kumene tinkakhala m'kanyumba ka antchito kuseli kwa nyumba ya abwana. Inali nyengo yotentha, mvula isanagwe. Maluwa a jakaranda ankayoyokera pabwalo, ndipo pansi pa mtengowo panali mgolo wodzaza madzi. Pamlomo pa mgolowo bambo anga ankakolekapo injini ya boti, mchira wake uli m'madzi, ngati kuti mgolowo ndi mtsinje.

Kwathu ndi ku Nsanje. Bambo ankawolotsa anthu pa Shire mpaka chaka chimene madzi osefukira anatigwetsera nyumba n'kumiza boti. Botilo analivuula n'kulisiya kwa achimwene awo, koma injini anabwera nayo ku Blantyre ataikulunga m'bulangete. Kuno anapeza ntchito yosamalira maluwa. Kenako achimwene awowo anatumiza mawu akuti malo awo apadooko awasungira mpaka mvula yoyamba basi. Ikagwa iwo asanafike ndi injini, malowo apita kwa munthu wina.

Injiniyo inali ndi matenda amodzi. Bambo akapotoza kiyi, inkangoti thi, fyuzi yapsa, kenako zii. Loweruka akaweruka ankakwera minibasi kupita ku Limbe kukatchajitsa batire ndi kugula mafyuzi kwa ogulitsa zipangizo za galimoto. Akabwerako ankachotsa chivundikiro, n'kupala zobiriwira zimene madzi anasiya pa nsonga za mawaya. Anali ndi kababu ka mawaya awiri, ndipo ankakagusitsa apa ndi apo kuti aone pamene moto ukufika. Wogulitsa wina anawalangiza kuti angokulunga fyuzi yakupsayo ndi kapepala konyezimira ka m'paketi ya ndudu. Bambo anakana. "Fyuzi ikapsa ndiye kuti yaona kanthu," anandiuza. "Ukaitseka pakamwa, moto ukapsereza zam'kati."

Mafyuzi akupsawo ankandipatsa ine. Anali achikasu, a timiyendo tiwiri, ndipo ndinkawagoneka m'kabokosi ka machesi ngati ana anga.

Poopa akuba, injini inkagona m'nyumba pafupi ndi thumba la chimanga. M'mawa wina amayi akusesa pamenepo anatola tizidutswa tofiira ta pulasitiki. Anagwada, n'kusuzumira pansi pa injini kwa nthawi yaitali. Kenako anamanga tizidutswato pakona ya chitenje chawo. Nditafunsa, anangoti, "Si kanthu, Esita. Kasewere panja."

Masabata anapita, kabokosi kanga kanadzaza. Bambo anasiya kuimba nyimbo zachisena zimene ankaimba pothirira maluwa. Mwana wa abwana, wamsinkhu wanga, ankawaitana dzina lawo mosaikapo ulemu, iwo n'kumathamanga. Manja awo amene kale ankagwira chiwongolero tsopano ankatola ndowe za agalu pa kapinga. Madzulo ankangoyang'ana ku phiri la Soche, kumene mitambo inayamba kuunjikana.

Tsiku lina masana fyuzi inapsanso. Bambo sanatukwane. Anakhala pansi pafumbi, n'kutsamira mgolo, kababu kaja kali m'manja. Mphepo inkanunkhira mvula yakutali. Amayi anaima pakhomo kuwayang'ana, ndipo ndinaona akumasula pakona ya chitenje.

"Abambo ake Esita, tayang'anani pansipo, pamene waya wofiira wadutsa pa chitsulo. Ndi makoswe."

Bambo anapendeketsa injini n'kulowetsa chala. Wayayo anali wosendeka, mkuwa wake ukukhudza chitsulo pamalo obisika. Anayang'ana tizidutswa tija m'dzanja la amayi, titatuwa kale ndi fumbi.

"Munaona liti zimenezi, amake Esita?"

Amayi anatembenuka n'kulowa m'nyumba. Bambo anakulunga wayayo ndi tepi yakuda, n'kuika fyuzi yomaliza. Atapotoza kiyi injini inabangula. Madzi a mu mgolo anawira n'kutithovukira, utsi wotuwa unadzaza pabwalo, agalu anayamba kuuwa. Ine ndinkadumpha ndi kuwomba m'manja. Bambo anaseka mpaka mano onse kuonekera. Nditathamangira m'nyumba kukaitana amayi, ndinawapeza akupinda malaya a bambo, nkhope atalozetsa kukhoma.

Bambo ananyamuka mvula yoyamba isanagwe, ndipo malo awo apadooko anawapeza. Ife tinatsala kuti ndimalize teremu, n'kusamukira kwa azakhali ku Bangwe. Pakati pa dzinja lomwelo Shire anadzazanso. Boti linagubuduka bambo akuwolotsa anthu, ndipo iwo sanatulukemo. Sukulu yanga sinapite patali kuchokera pamenepo.

Ndili mwana ndinkaona ngati amayi analakwa kubisa tizidutswa tija. Maliro atachitika ndinasintha, n'kumawaimba mlandu mumtima chifukwa choulula. Lero ndili ndi khanda kumsana, ndipo bambo ake amatuluka m'mamawa ndi njinga yamoto kukanyamula anthu mumsewu wa Limbe. Ndikamva akuiliza, mtima umandiuza kuti ndibise kiyi, koma ndimawatsegulira geti. Amayi ankaudziwa mtsinje uja, ndipo ankamudziwanso munthu amene anakhala pafumbi uja. Mafyuzi a m'kabokosi ndinkati ndi zidole zanga. Sindinkadziwa kuti iliyonse inali sabata ina imene amayi anandisungira bambo pakhomo.