Buku la chigaza pachikuto

Ndinatseka chitseko changa ku Machinjiri hafu seveni m'mawa wa Loweruka, chiperoni chikuwaza, m'chikwama muli nthochi, botolo la thobwa ndi buku limodzi lakale. Ndinkapita ku Zingwangwa kukaona achimwene anga a Zuze. Chifuwa chachikulu chinali chitawagwetsa, ndipo akazi awo, alamu anga a Marita, anali atandiimbira kuti kwa masiku anayi akukana kumwa mankhwala, ati n'kuthirira mtengo wouma.

Bukulo ndi la Chingerezi, nkhani ya achifwamba a panyanja osaka chuma chokwiriridwa pachilumba. Tili ana ku Ndirande achimwene ankatiwerengera akumasulira m'Chisena, ngakhale madzi aakulu amene iwo anawaonapo ndi a Shire basi. Koma ine ndinkafuna masamba atatu oyambirira, ofotokoza moyo wa mlembi wake: munthu wodwala chifuwa chiyambire ubwana, wotsokomola magazi, amene ankalemba ali chogona koma anakwerabe sitima mpaka kuzilumba zakutali. Ndinati achimwene akamva zimenezi achita manyazi, amwa mankhwala. Uphunzitsi wangawu ndi matenda, sutha ndi pa Loweruka pomwe.

Minibasi inali K150 mpaka m'tauni, anayianayi pampando. Pa Kameza tinaima mphindi makumi awiri, kondakitala akulumbira kuti watsala munthu mmodzi yekha. Ndinatulutsa buku lija kuti nditayitse nthawi. Pachikuto pake pali mbendera yakuda yokhala ndi chigaza ndi mafupa awiri opingasa. Mayi amene ndinakhala nawo anasuzumira, n'kukokera thumba lawo la tomato kumiyendo kwawo.

"Asisi, mumapemphera kuti inu?"

"Ku Katolika, amayi."

"Nanga zachigazazi? Masiku ano anthu akulowa zinthu zambiritu."

Ndinawauza kuti ndi nkhani chabe, koma pa Chemusa anatsika osanditsanzika. Ndinaseka mpaka pa Wenela.

Kuchoka pamenepo ndinayenda wapansi kutsetsereka ku Mibawa, ndikudya mbatata yootcha ya K30 yomwe inandiwotcha zala bwino lomwe. Minibasi ya ku Zingwangwa inali K100, chitseko chake chomangira chingwe. Cha m'ma teni ndinatsika pamsika n'kuyamba kukwera kanjira kamiyala kopita kwa achimwene.

Alamu anandilandira pakhonde. Nthochi analandira, thobwa analandira, koma ataona buku anabweza manja.

"Alamu, chigaza m'chipinda cha wodwala? Mukufuna mutiitanire chiyani?"

Apa sindinaseke. Mawu akuthwa anafika pamlomo, koma ndinaona maso awo ofiira ndi manja osupuka ndi kuchapa, ndipo ndinachita manyazi. Munthu amene wakhala miyezi iwiri akumvetsera chifuwa cha mwamuna wake ali ndi ufulu woopa chithunzi. Kenaka alamu analowa n'kutsitsa kalendala ya kutchalitchi ya chaka chatha. Tinalikuta bukulo pakhonde pomwepo monga timakutira makope a ana, ndipo achifwamba analowa m'nyumba atafunda oyera mtima.

Achimwene ndinawapeza atayang'ana kukhoma. Munthu amene ankanyamula thumba la simenti paphewa anali atatsala makutu ndi maso. Ndinakhala pampando n'kuwerenga masamba atatu aja ndi mawu anga a m'kalasi.

"Agi," anatero osatembenuka, "wadumpha. Bukulo ndi langa, ndimalidziwa. Werenga ndime yomalizayo."

Zoona, ndinali nditaidumpha dala. Ndimeyo imanena kuti mlembiyo anamwalira kuzilumba komweko asanamere imvi.

"Sanafike n'komwe zaka zangazi," anatero. "Ndiye umati undinamize ndi buku langa lomwe?"

Nzeru zonse zimene ndinanyamula ku Machinjiri zinathera pomwepo. Ndinalira ngati mwana, chifukwa ndinkaopa kuti achimwene anga akufa ndipo ndinalibe china chowauza.

Anandisiya ndilire. Kenaka anatembenuka pang'onopang'ono. "Wamaliza? Tsegula mutu woyamba. Ndipo usathamange, Chingerezi chako chimapunthwa."

Ndinawerenga, iwo akundikonza apo ndi apo, akutsokomola, penanso akumwetulira. Nditati ndipitirire mutu wachiwiri, anakweza dzanja.

"Umodzi basi. Winawo Loweruka."

"Loweruka ndidzakupezani?" Ndinafunsa mwaukali, mwina kuposa mmene mng'ono ayenera kuyankhulira.

Achimwene anaitana ndi mawu osasa: "Amake Rozi, tabweretsani madzi ndi timbewu tija."

Alamu anabwera ndi madzi ndi mankhwala aja m'mbale. Ine ndinayang'ana pawindo kuti achimwene amwe opanda mboni.

Pobwerera, cha m'ma fili, minibasi inafera pa Chirimba ndipo tinaikankha tonse, ine osadandaula. Ndinali nditanyamula chitsanzo cha munthu wolimba mtima kuti ndikachititse wodwala manyazi, chonsecho iwo ankangofuna kudziwa ngati pali amene adzakwere kanjira kamiyala kaja sabata yamawa. Buku ndinalisiya pamutu pa bedi lawo, nditapinda tsamba pa mutu wachiwiri.