Kusudzulidwa kwa a Dyson Mvula

A Dyson Mvula anafika pamudzi wina wa ku Zingalume ali mnyamata wa tsitsi lakuda bii, kudzakhala chikamwini kwa a Elinata Mbewe. Kwawo kunali ku Pembamoyo. Monga mkamwini aliyense wodziwa malo ake, anaphunzira msanga kulima kwambiri ndi kuyankhula pang'ono. Anthu amati mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka, koma uyu sanaterereke. Anakhala mpaka imvi zinamera, mpaka ana amene anawaona akubadwa anayamba kutchedwa agogo. Komabe pakagwa nkhani ya m'banjamo ankakhala kumbuyo, chapafupi ndi khola, poti za mbumba si za mlendo. Munda unali wa a Elinata, mango amene anabzala anali a Elinata, ngakhale nyumba ya malata imene njerwa zake anaumba ndi manja awo inali ya a Elinata. Sanadandaulepo. Ankati poti a Elinatawo ndi awo, zonse zili bwino.

Ana anabereka awiri. Wamkazi anamwalira ndi malungo asanayambe sukulu. Wamwamuna anakula nakakwatira ku Katete, kumene nayenso amakhala kumbuyo, pafupi ndi khola la eni ake.

Chaka china, nthawi yokumba mtedza, a Elinata anagwa m'munda. Anathamangira nawo kuchipatala ku boma, koma anabwerako atafa ziwalo mbali yonse ya kumanja, pakamwa patapotoka. Abale awo aakazi anathandiza ndithu poyamba. Kenako mvula inagwa, ndipo aliyense anakumbukira kuti ali ndi munda. Sindikuwanena ayi, njala simvera kuti pakhomo pali matenda. Anatsala ndi a Dyson.

Namwino wa pakiliniki anawaonetsa kamodzi kokha momwe amatembenuzira munthu wosadzuka, zina zonse anaphunzira okha. Ankaima pamzere pa mjigo pakati pa amayi, ndowa m'manja. Ankachapa nsalu zoipitsidwa kuseri kwa nyumba, kuphika phala lamadzimadzi lotsira nsinjiro, kudzoza vaselini pamsana ndi kuzidendene kuti pasabuke zilonda. Amuna anzawo pansolo ankaseka, ati khuzumule, mankhwala opusitsa mwamuna, amene anadya a Dyson anamuphikira nkhuku yathunthu. Iwo ankangodutsa ndi ndowa yawo. Analibe nthawi yokwiya, tsiku linkawachepera.

Zinatero zaka zingapo. A Elinata anamwalira chimanga chikumasula ngayaye, ndipo amayi amene anasambitsa thupi anatuluka akunong'onezana kuti sanapeze chilonda ngakhale chimodzi.

Maliro atatha, anthu atameta n'kubalalika, a Dyson anaona chinthu chimene sanachiyembekezere. Tsiku lija linkachepa linatalika. Ankadzukabe tambala akulira, kusonkha moto, kutereka madzi, kenako n'kukumbukira kuti palibe womusambitsa. Chisoni chinalipo, koma chimene chinkawadya kwambiri chinali chakuti palibenso munthu amene ankawafuna. Akanagona mpaka masana, palibe akanafunsa. Anayamba kudya kamodzi patsiku, ndipo buluku linayamba kufuna chingwe.

Tsiku lina anafika a Trywell Mbewe, mlongo wawo wa malemu, mwini mbumba. Sanali munthu woipa, anali munthu wokonda kuti zinthu ziyende m'njira yake.

"Alamu," anatero atakhala pampando, "mlongo wathu mwatisungira, palibe angakane. Tsono tikakolola tiitane akwanu, tikusudzuleni, mukapumule kwanu. Nyumbayi alowemo Monika, mwana wa mng'ono wawo wa malemu. Mwaona nokha mmene ikudonthera yakeyo."

Kusudzula ndi mwambo wabwino. Amamasula wamasiye kuti akhale mfulu, abwerere kwawo, akwatire akafuna. Akanakhala ndi mwana wamkazi pamudzipo, bwenzi atanena kuti atate anga sapita kulikonse. Koma mwana wamkaziyo anali kumanda. Ku Pembamoyo nako makolo ndi alongo awo anatha kale, otsala anali ana amene ankangowaona pamaliro.

"Ndamva, alamu," anayankha a Dyson. Zaka zonsezo sanayankhepo mwanjira ina.

Kumapeto kwa mudzi, panjira yopita kumadimba, kunali nyumba ya udzu ya a Zangaphee. Pa unyamata wawo a Zangaphee anali woimba ng'oma wa gule, ndipo amati akaigwira inkamveka mpaka ku Zemba. A Dyson anali munthu wa tchalitchi, choncho awiriwa ankangopatsana moni wapanjira. Mvula isanayambe, a Zangaphee anagwa akufolera nkhokwe nathyoka m'chiuno. Kuchipatala anayesa zimene anatha, kenako anawabweza kunyumba kuti akagone.

M'mawa wina a Dyson akupita kukathyola mpiru kudimba, mphepo inawabweretsera fungo lochokera m'nyumba muja. Munthu wina akanangofulumiza mapazi. Iwo anaima, chifukwa fungolo ankalidziwa. Pakhonde panali Maliya, mwana wa a Zangaphee, atagwira mbale ya phala, maso ali psuu.

"Ali bwanji atate ako?"

"Akukana kudya. Ati akadya adziipitsanso." Anapukuta misozi ndi chitenje. "Ine ndimaphika, ndimasesa, ndimachapa. Koma mwana wamkazi angavule atate ake? Achimwene ali ku Chipata. Amuna ena amalowa, moni moni, atuluka."

A Dyson sanapite kudimba. Anabwerera kunyumba, natenthetsa madzi, natenga sopo ndi kabotolo ka vaselini kamene kanatsala, napita nazo kwa a Zangaphee.

"Odi."

"Ndani? Mkamwini wa kwa Elinata?" Mawu anali ofooka koma lilime linali lakuthwabe. "Ngati mwabwera ndi mapemphero, anzanu a ku boma anabwera kale. Anapemphera ali panja."

"Ndabwera ndi madzi otentha."

Nkhalamba ija inatukwana, inakana, inati bola kufa. A Dyson sanatsutse. Anatseka chitseko, nafunditsa chitenje mbali imene sankasambitsa, monga ankachitira ndi akazi awo, nayamba kukamba za mbozi zimene zinagwa m'chimanga chaka chimenecho. Anadziwa kuti munthu wamanyazi safuna kutonthozedwa, amafuna nkhani ina yoti amvereko. Pa ntchafu, chakumtunda, panali chilonda chachikulu ngati chikhatho. A Zangaphee anayang'ana kukhoma nthawi yonseyo, misozi ikutsikira m'khutu. A Dyson atamaliza, anawayalira mphasa youma, ndipo phala lija linadyedwa lonse.

Mawa lake anapitanso, ndi mkuja womwe. Anapalasa njinga kukapempha magolovesi ndi mankhwala otsukira chilonda kukiliniki. M'mawa ankasambitsa, masana ankabwera kudzatembenuza, madzulo ankatembenuzanso. Kukacha bwino ankawanyamula kuwaika pakhonde kuti aothere dzuwa, ndipo a Zangaphee ankagogoda ndowa ndi zala, kuwaseka a Dyson kuti nyimbo za kutchalitchi kwawo n'zogonetsa ana. A Dyson ankabweza kuti ng'oma zija zinasiya eni ake ali chigonere. Ankakangana choncho tsiku ndi tsiku, ndipo onse awiri ankakondwa nako. Chilonda chinayamba kuuma m'mbali. A Dyson anayambanso kumva njala, mpaka Monika anadabwa kuwamva akuimba mluzu pa mjigo.

Mumtima ankadziwa kuti si chifundo chokha chimene chinkawadzutsa m'mawa. Othandizidwa m'nyumba ya udzu ija anali awiri. Koma chimanga chinali kuuma m'minda, ndipo kuuma kwake kunkawaopsa. Anayesa kuphunzitsa mphwake wina wa a Zangaphee, bambo wandevu zake. Bamboyo anabwera tsiku limodzi, anaona chilonda, anatuluka kukalavula, ndipo kuyambira pamenepo ankazungulira njira ina popita kudimba. A Dyson akachoka, nkhalamba ibwerera m'fungo lija. Iwonso akakhala pakhonde la eni ku Pembamoyo, kudikira kuitanidwa kuti chakudya chapsa.

Anthu anakolola, nkhokwe zinadzaza, tsiku linakwana. Dzulo lake a Dyson anawauza a Zangaphee kuti akwawo afika mawa. Nkhalamba inangoti, "Pitani, kodi ndinakukwatirani ine?" Kenako inatembenuzira nkhope kukhoma.

Bonaventure, mwana wa mlongo wawo wa a Dyson, anafika ndi ngolo yodzatengera katundu. M'mawa anthu anasonkhana pansi pa mango, thobwa likuyenda m'zikho. Kwa nthawi yoyamba a Dyson anawakhazika kutsogolo. A Trywell anayankhula bwino kwambiri. Anayamika, anatchula zaka za matenda zija, ananena kuti mbumba ilibe nawo mlandu uliwonse, ndipo kuyambira lero ndi mfulu. Chimene chinatsala chinali chakuti wosudzulidwayo athokoze, akwere ngolo.

A Dyson anatsika pampando, nanjuta, naomba m'manja. Munthu amene sanapemphepo kanthu pamudzipo sadziwa poyambira.

"Alamu, ndathokoza. Nyumba alowe Monika, munda ndi wanu. Koma ndikupempha kuti ndisachoke pamudzi pano. A Zangaphee alibe wowasambitsa."

Wina anaika chikho pansi. A Trywell anakanda kumutu, poti mwambo unali utayenda bwinobwino mpaka pamenepo.

"Alamu, musatichititse manyazi. Akwanu abwera ndi ngolo. Anthu adzati takukanizani kupita kwanu kuti muzitigwirira ntchito. Komanso a Zangaphee si a mbumba yathu, si anu, ngakhale tchalitchi simupemphera limodzi. Kodi ndi ndani wanu?"

A Dyson anaona kuti funsolo linali loona.

"Si m'bale wanga. Koma kukacha amandidikira. Kwathu kulibe amene adzandidikire."

Anatembenukira kwa Bonaventure. "Pepa, mwana wanga, sindikukunyoza."

"Amalume, ng'ombezi zayenda ulendo wonsewu pachabe?" anatero Bonaventure. Anadandaula monga kuyenera, koma nkhope yake inaoneka ngati ya munthu amene wamutula mtolo. Nakonso kwawoko malo ndi ochepa, ndipo akazi ake anali atafunsa kale kuti amalumewo akagona kuti.

A Trywell anayang'ana akuluakulu anzawo, koma aliyense anali kuyang'ana m'chikho chake. Potsiriza anati, "Mwambo tachita, sitingaubweze. M'nyumba muja mutuluka lero. Koma mfulu sauzidwa njira. Kumapeto kwa mudzi kuja si kwathu, kafunseni eni ake."

Maliya anali pakati pa amayi ogawa thobwa. Anagwada pomwepo, chikho chili m'manja.

"Malo alipo," anatero. "Kuchipinda kumene tinkasungirako thonje. Ndikasesa pompano."

Motero katundu amene anamangidwa kuti apite ku Pembamoyo anatsitsidwa pangolo. Sanali wambiri. A Dyson anapereka kiyi kwa Monika, namuuza kuti chitseko chakuseri chimafuna kuchinyamula pang'ono potseka. Potuluka pabwalo mtima unawawa kwambiri. Njerwa iliyonse ya nyumba ija ankaidziwa, ndipo m'chipinda chija ndi mmene a Elinata anatsirizikira. Sanafune kuti anthu awaone akulira, choncho anayenda msanga. Anamuperekeza Bonaventure mpaka pamphambano, namupatsa nkhuku yoti akapepesere kunyumba, kenako anakhotera njira ya kumadimba. Dzuwa linali litafika pamutu.

M'nyumba ya udzu muja a Zangaphee anali chigonere mbali imene anawasiyira dzulo. Phala la m'mawa linali pambali, losakhudzidwa.

"Odi."



"Ngolo ndaimva ikudutsa," anatero a Zangaphee osatembenuka.

"Yadutsa. Ine yandisiya."

"Mubwerera liti kwanu?"

"Sindibwerera. Maliya akusesa chipinda cha thonje."

Dzanja la nkhalamba ija linafinya m'mphepete mwa bulangete.

"Ndinu opusa, a Mvula. Kusiya kwanu chifukwa cha munthu wotha kale ngati ine."

"Mwina ndine wopusadi."

"Ndiponso mwachedwa. Mbali iyi yachita dzanzi kuyambira m'mawa."

A Dyson anaika katundu wawo pafupi ndi chitseko, napinda manja a malaya, nagwada pambali pa mphasa.

"Pepani," anatero. "Gwirani phewa langa."