Masitepe a wakabaza

Mundikhululukire poti ndalimba mtima kulemba. Sukulu yanga ndi ya kumudzi ku Chikweo, ndipo amene anapanga kanthu kamene ndikufuna kunenaka anaphunzira kundiposa kutali. Koma iwowo sanaone amalume anga akukankha njinga yabwinobwino pa dzuwa la ku Balaka. Ine ndinaona.

Nditalemba mayeso a Fomu 4 ndinapita kukakhala nawo m'tauni. Amalumewo ndi akabaza. Amapalasa kuyambira m'mamawa mpaka dzuwa kupendeka, kunyamula anthu, matumba a chimanga, nthawi zina mbuzi. Kuchipatala anawapeza ndi bipi, n'kuwauza kuti mtima wawo uli pangozi. Mwezi womwewo kunabwera anthu a bungwe lina ovala malaya ofanana, n'kulemba maina a odwala ndi kuwagawira mafoni okhala ndi kapulogalamu kosamalira mtima. Mayi wogawayo anayankhula mothamanga, theka Chingerezi, kenaka anafunsa ngati pali funso. Ndinali nalo. Ndinaweramitsa mutu.

Kapulogalamuko anakapangira anthu ena, osati ife. Kankafunsa zimene mwadya, koma pa mndandanda wake panalibe chinangwa, panalibe nandolo, panalibe matemba. Panali zithunzi za zakudya zimene sindinazionepo ngakhale paukwati, ndiye ndinkangosankha chofananako mtundu. Zilembo zake zinali ngati nyerere, ndipo chala cha amalume chinkagunda mabatani atatu nthawi imodzi. Choncho wowerenga ndi wodina ndinali ine.

Chachikulu chinali masitepe. Kankafuna zikwi khumi pa tsiku. Munthu wopalasa njinga saponda pansi, ndiye foni inkangogona m'thumba. Madzulo alionse, amalume akuvula malaya onyowa ndi thukuta, pafonipo pankatuluka kankhope kofiira, kokwinya, ndi uthenga wakuti akhala pansi nthawi yaitali.

"Akuti chiyani abwanawo?" anandifunsa tsiku lina.

"Akuti muziyendako pang'ono, amalume."

"Ine? Ndachokera kwa Nsamala ndi mayi, mapasa ake ndi thumba la makala!"

Anaseka, koma kenaka anayamba kuda nkhawa. Kwathu timadziwa mmene mindandanda imayendera: wa makuponi a feteleza amakufufutapo osakuuza. Amalume anaganiza kuti tinkhope tofiira tikachuluka dzina lawo lichotsedwa, ndipo mapilitsi a bipi athera pomwepo. Anandifunsa ngati zili choncho. Sindinkadziwa, koma pofuna kuoneka kuti sukulu inandithandiza, ndinati eya.

Anayamba kuyenda. Masana, anzawo akupuma pansi pa mtengo pa siteji, iwo ankakankha njinga kuzungulira siteshoni ya sitima, kukafika kumsika, n'kubwereranso.

"Achimwene, yaphwa kodi? Pampu ilipo!" ankakuwa mmodzi.

"Iyayi, asiyeni, akuiphunzitsa njira!"

"Ingoiberekani kumsana, nayonso imve kukoma!"

Amalume ankangokweza dzanja osacheuka. Pasanathe sabata kankhope kanasanduka kobiriwira, kakumwetulira, kenaka kanawapatsa chithunzi cha chikho. Chikho chosamwera n'komwe madzi. Iwo anayamba kuonda, mapazi kutupa, ndipo pa kamtunda kakang'ono ankaima kawiri kuti apume. Foniyo inkati zikuyenda bwino kwambiri, apitirize.

Tsiku lina anachita chizungulire pafupi ndi njanji, ndipo anzawo owasekawo ndi amene anawanyamulira kuchipatala. Ndinathamangira komweko. Anesi, mayi wachikulire wosaseka, anawayeza n'kufunsa ngati asiya kumwa mankhwala. Ine ndinawapatsira foniyo ndi manja awiri, chikho chija chikuwala.

"Chimenechi ndiye chiyani?" anatero anesiwo.

Ndinafotokoza zonse. Iwo anatembenukira kwa amalume.

"Bambo, mumapalasa tsiku lonse, ndiye nthawi yopuma muziyendanso? Mtimawu ndi wanu kapena wa foni?"

"Ndimaopa kufufutidwa, mayi."

"Kufufutidwa pati? Mankhwala mumalandirira pano, ndi buku lanu lachipatala. Kaya foni ilipo kaya palibe, mudzalandira. Zidole zimenezi ife sitiziona n'komwe."

Amalume anandiyang'ana nthawi yaitali. Sanandikalipire. Bola akanatero.

Anesiwo anawalamula kupuma masabata awiri, kuchepetsa mchere, ndi kubwera kudzayezedwa mwezi uliwonse. Titabwerera kunyumba amalume anandiponyera foniyo pamphasa.

"Mphwanga, chotsa abwana akowa. Usiye wailesi ndi tochi."

Ngakhale kuchoka kapulogalamuko kanavuta. Kanafunsa kawiri ngati tatsimikiza, kanaonetsa kankhope kolira, kenaka, popanda manyazi, kanapempha kuti tikapatse nyenyezi zisanu. Ndinafunsa amalume kuti ndipereke zingati. Anati nyenyezi ndi za Mulungu, ndidine basi. Ndinadina. Linali Lachisanu, pa 18 Okotobala.