Mwendo Umene Anabanda Anaukana

Fungo la mafuta a nsatsi otenthetsa pamakala sindilifuna m'nyumba mwanga. Likangondipeza, ngakhale pamsika, ndimabwerera kukomboni ya mgodi kunja kwa Bindura, m'miyezi yozizira ija pamene fumbi la pamulu wa miyala linkatituwitsa milomo. Ndinali ndi zaka khumi.

Ababa ankagwira ntchito pansi pa mgodi. Ankaweruka atapindika ngati mpini wa khasu, msana utauma gwa. Akasamba ankagona chafufumimba pamkeka pakhonde, ine n'kuwakwera pamsana nditagwira khoma, n'kumaponda pang'onopang'ono mpaka mafupa kulira. Koma zikavuta ankaitana Anabanda, mayi wamasiye wa mumzere wathu amene ankatikita anthu a mumgodi. Iwo ankayamba ndi kuthowa ndi nsanza ya madzi otentha, kenako mafuta, kenako zala zawo zokhakhala zija kulowa m'mnofu. Ndisawanamizire, ntchito ankaidziwa. Mwamuna ankabwera khosi litakana kutembenuka, n'kubwerera akucheukira akazi a eni mbali zonse. Ine ndinkakhala pomwepo, kumaba ndi maso.

Ndiye ngolo ya miyala inawagunda ababa pantchafu. Fupa silinathyoke. Anawapatsa masiku opumula kunyumba, ndipo anagonadi osadzuka. Ntchafu inapola, koma mwendowo unatupa kuyambira pabondo kutsika, ukutentha, khungu likunyezimira ngati botolo.

Anabanda anabwera m'mawa ndi kachitini kawo ka mafuta. Anaukhudza kamodzi kokha ndi kuseri kwa dzanja, n'kukulunganso kachitini kaja m'nsalu.

"Achimwene, uwu si mwendo wa manja anga. Pitani nawo kuchipatala lero lomwe, ndipo wina asautikite."

"Kuchipatala kuti akandilembe kuti ndatha ntchito?" anatero ababa, nkhope ataloza kukhoma.

Chipatalacho chinali cha mgodi. Tonse pakomboni tinkakhulupirira kuti akakulemba kuti sungalowenso pansi, nyumba umaisiya. Kwathu ku Dedza, kumene ababa anachoka ali mnyamata, kunalibe munda wotidikira. Anabanda atangotuluka, amayi ananong'ona kuti mlamu wawo wa Anabandayo ankafuna malo a ababa pangolo, n'chifukwa chake Anabandawo ankatikankhira kwa adokotala. Ndinamva, ndinasunga.

"Esinati mwanangu, suja umaonera?" anatero ababa. "Manja ako ndi ofewa kuposa a nkhalamba ija."

Ndinanyada, sindibisa. Ndinatenthetsa mafuta pachivundikiro, ndinagwada pamkeka, n'kumakankha mnofu kuchokera kukakolo kukwera kubondo, ndi mphamvu zanga zonse, monga ndinkaonera. Ababa ankaluma mano koma ankati kukupepuka. Tsiku lachitatu, dzuwa lili pamutu, nditangopukuta m'manja, anadzuka kuti ayese kuyenda. Atafika pakhomo anagwira pachifuwa. Mpweya unkawathawa, milomo inada. Amuna a mumzere anawanyamula pachitseko kuthamangira kuchipatala chomwe chija, koma pageti anafika atatisiya kale.

Nyumba tinaisiyabe. Tinasamukira ku Masembura, kukalima maganyu m'minda ya eni. Amayi ankati Anabanda anachita zawozawo pamwendo paja pamene anaukhudza. Pamaliro Anabandawo anabwera ndi mtolo wa nkhuni pamutu, ine ndinawalozetsa nkhongo. Kuyambira pamenepo, tikakumana pabasi ya ku Bindura, moni wawo ndinkausiya ugwe pansi.

Zoona zake zinandidikira zaka zambiri. Nditabereka mwana wanga womaliza, mwendo wanga unatupa chimodzimodzi, kutentha komweko, kunyezimira komweko. Namwino anandipeza ndikuusisita, n'kundimenya padzanja ngati mwana. Anati mumtsempha munali magazi oundana, ndipo ukawafinya angathe kusuntha n'kukatseka m'mapapo. Ndinamufotokozera za ababa. Iye anati mwina magaziwo akanasuntha okha, palibe angadziwe. Mwina ananena zoona. Mwina anangondimvera chisoni. Ine mawu otonthoza sindiwakhulupirira.

Lero mdzukulu wanga Rudo amatikita anthu ku Aerodrome, dera lina la m'tauni ya Bindura, m'chipinda cha mabedi oyera, ndipo anachita kuphunzira kusukulu. Akandigwira mapewa ndimagona tulo tabwino, sindikana. Koma akamapita kuntchito ndimaima pakhomo n'kumufunsa ngati amayamba wayang'ana miyendo ya anthu ake. Amaseka n'kundifunsa m'Chishona chake kuti, "Gogo, munotyei?" kutanthauza kuti mumaopa chiyani. Chimene ndimaopacho sindinamuuze mpaka pano.

Ndili mwana ndinkayesa kuti wokufunira zabwino ndi amene amakugwira pamene pakupweteka. Pakomboni ponse paja munthu mmodzi yekha ndiye anadziwa pobweza manja, ndipo anamwalira ndisanamuyankhe moni.